Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa

Pakati pa miyambi yonse imene makolo athu anatisiyira ulipo umodzi umene ine ndimauyesa waulemu kopambana, pakuti sutamanda mfumu kapena mwini mudzi, koma munthu wongopita m'njira, amene wafika dzuwa litapendeka, fumbi lili m'miyendo, wosadziwa ngakhale kumene kuli chitsime. Akuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umamveka kawirikawiri pabwalo, pamene mlandu wavuta, akuluakulu atautembenuza uku ndi uko osapeza mutu wake. Ndiyeno munthu wina amene anangokhala duu kumbuyo, wosadziwa chibale cha oimbidwa mlandu kapena mangawa a oweruza, apempha mwayi, nanena mawu awiri okha, ndipo mfundo imene inakanika tsiku lonse imasuka. Eni mudzi, m'malo mochita manyazi, amavomera ndi mtima woyera kuti kalumo kawo, popeza kameta mitu yambiri, kabuntha. Ndi anthu odzichepetsa okha amene angapeke mwambi wotere.

Masiku ano mwambiwu wapeza ntchito yatsopano. Anyamata ndi asungwana a m'sukulu za umisiri ndi za ukachenjede amatumizidwa kunja, ena kwa milungu ingapo, ena kwa zaka, kuti akaone m'mene anthu a maiko ena amaombera nsalu, m'mene amadulira ndi kusoka, ndi m'mene zovala zawo zimayenderana ndi miyambo ya eni dzikolo. Ndipo pobwera timawachingamira ndi mawu omwewa, tili ndi chiyembekezo chakuti m'chikwama mwawo muli kanthu kakuthwa kamene ife tilibe. Koma pali chinthu chimene okamba mwambi sanachiganizire. Mlendo wa m'mwambi anali mlendo ndithu, uja amati ndi mame, wogona usiku umodzi, m'mawa natsazika, osaona ngati mutu umene wameta watupa kapena ayi. Wophunzira sali wotero. Iye ndi mwana wa pakhomo amene wakhala mlendo kawiri, poyamba kwa eni, kenaka kwawo komwe. Ndipo akameta sachoka, koma amakhala pomwepo, nadya nsima ndi anthu amene wawameta, masiku onse a moyo wake.

Ife a ku Chiradzulu sitisowa kukabwereka chitsanzo kutali, pakuti mmodzi wa ana oyamba a dziko lino kuoloka nyanja yamchere kukafuna maphunziro anali wa kuno. John Chilembwe ananyamuka mu 1897 pamodzi ndi mmishonale Joseph Booth, nakafika ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia ku America, kumene analowa sukulu ya ubusa ya Abaptisti akuda. Sanatumidwe kukaphunzira za zovala. Anapita kukaphunzira Mawu. Koma maso a wophunzira saona zokhazo zimene anatumidwa. Kumeneko anapeza ana a akapolo, amene ukapolo wa makolo awo unali utatha zaka zongopitirira 30, ali aphunzitsi, alaliki ndi asing'anga a chizungu, atavala jekete, kolala yoyera ndi nsapato zopukutidwa. Ndipo anazindikira kuti m'dziko limene munthu wakuda ankanyozedwa ndi lamulo lomwe, chovala chaukhondo chinali umboni umene munthu ankaupereka tsiku ndi tsiku mumsewu, osatsegula pakamwa, wakuti iye ndi munthu monga enawo. Pamene anabwerera mu 1900 nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, anadza ndi umboni umenewu. Zithunzi zimene zinatsala zimamuonetsa iye ali m'suti, ndi mkazi wake, Mayi Ida, ali m'diresi lalitali losokedwa mwaluso. Ndipo nkhope imene timaiona pa ndalama zathu za pepala ndi ya munthu wovala motero. Analimbikitsa anthu ake kusamba, kuchapa ndi kuvala bwino. Ndipo Emma DeLany, mmishonale wachikuda wophunzira ku Spelman mumzinda wa Atlanta, atafika pa Mbombwe mu 1902, anasonkhanitsa amayi ndi asungwana nawaphunzitsa kusoka, ntchito imene Mayi Ida anaipitiriza iye atachoka.

Kodi kalumo kameneka kanali kakuthwa? Ndithudi kanali kakuthwa, ndipo umboni wake ndi wakuti kanaopedwa. Kufupi ndi Mbombwe kunali minda ya A. L. Bruce ya ku Magomero, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone, kumene Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ankagwira thangata polima ndi kuthyola thonje. Ndipo taonani chodabwitsa chake, kuti anthu amene ankakolola thonje lovekera maiko a kutali anali iwo omwe ausiwa. M'masiku amenewo munthu wakuda wovala chipewa ankayenera kuchivula akakumana ndi mzungu m'njira, ngakhale mzunguyo asabweze moni. Ndipo ambiri mwa eni minda ankakondwera kwambiri ndi wantchito womanga kansalu m'chiuno kusiyana ndi kalaliki wovala buluku ndi nsapato, pakuti woyambayo ankaoneka wodziwa malo ake, pamene wachiwiriyo ankaoneka ngati wofunsa funso. Sindinena kuti anthu anauka pa 23 January 1915 chifukwa cha chipewa, pakuti zifukwa zinali zolemera koposa apo: malo olandidwa, thangata, msonkho, nyumba zopemphereramo zimene zinkatenthedwa pa minda ija, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafa pa nkhondo ya azungu. Koma boma litakhazikitsa bungwe lofufuza chiyambi cha chipolowecho, nkhani ya chipewa inamveka m'kamwa mwa mboni, ndipo inamveka ndi kuwawa kumene azungu ambiri sanakuyembekeze. Apa mwambi unanena zoona. Chimene sunanene ndi chakuti kalumo kakuthwa sikasankha chala. Livingstone anaphedwa usiku wa 23 January womwewo. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February. Tchalitchi chachikulu cha njerwa cha pa Mbombwe chinagumulidwa ndi asilikali. Ndipo ambiri mwa amene ananyongedwa kapena kuwomberedwa pambuyo pake anali anthu aja ovala bwino, amalonda ndi aphunzitsi.

Tsono tiyeni tiufunse mwambiwu funso lina, lovutirapo. Ukamati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kodi sukutinyenga kuti tiyese kuti pakhomo panalibe kalumo? Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, ndipo m'midzi yambiri amuna anali pansi pa mtengo akupota ulusi ndi kuomba nsalu zolimba, zimene zinkagulitsidwa mpaka ku Zambezi. Kumapiri kuno anthu ankasula makasu ndi malumo awo m'ng'anjo, napanga nyanda ya makungwa a mitengo. Panali amisiri, panali luso, panali malonda. Ndiyeno mlendo anadza ndi nsalu yake yoyera, yopepuka, yotsika mtengo, ija inkatchedwa merikani, yoombedwa ndi makina ku Massachusetts, yodzera pa Zanzibar, yosenzedwa pamutu ndi amtengatenga a Ayao ndi Aluya. Inali yakuthwa ndithu, pakuti m'mibadwo yowerengeka inathandiza kumeta luso loomba nsalu mpaka mpala. Ndipo mtengo wake unali wotani? Minyanga ya njovu, ndi anthu. Thonje lake linathyoledwa ndi akapolo a ku America, ndipo nsaluyo itafika kuno inagula akapolo ena. Aja amene David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anawamasula m'magoli mu 1861 nadza nawo ku Magomero anali anthu ogulidwa ndi mikwamba ya nsalu ndi mikanda. Chotero America inafika ku Chiradzulu kale, Chilembwe asanafike ku America, ndipo inafika ili chovala. Amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere ankadziwa kuti kukongola ndi kukoma mtima ndi zinthu ziwiri. Koma okamba za kalumo anaiwala kutichenjeza kuti kuthwa ndi ubwino nazonso ndi zinthu ziwiri.

Koma ndisachite ngati mlaliki wa tsoka lokhalokha, pakuti chilipo chovala chimene chimandiletsa kutero, ndicho chitenje. Palibe Mmalawi amene angalole kuuzidwa kuti chitenje ndi chachilendo, popeza ndicho chimabereka mwana, ndicho chimafundidwa pamaliro, ndicho nkhata ya mtsuko, ndicho mphatso ya mpongozi; koma luso lojambula maluwa pa nsalu ndi phula linachokera ku chilumba cha Java, Adatchi naliphunzitsa makina awo m'mizinda monga Helmond, nsaluzo n'kuyamba kufalikira m'Africa muno pa zombo za amalonda, mpaka ife tinayamba kudinda zathu pa fakitale ya David Whitehead ku Blantyre dziko litalandira ufulu. Chimene chinachititsa chitenje kukhala chathu si mlendo amene anadza nacho ayi. Mlendo anadza ndi nsalu ya mbali zinayi, yopanda mkono, yopanda khosi. Anali amayi amene anapeza mamangidwe ake, napeza kuti duku likhale motani pa ukwati ndi motani pa maliro, napeza chilundu. Anali atelala a pa khonde la sitolo, opalasa makina ndi phazi, amene anapeza m'mene bulauzi ingadulidwire kuti mayi woyamwitsa asavutike nayo. Kalumo kanadza ndi mlendo, koma dzanja lodziwa mutu linali la mwini. Ndipo makolo ankazidziwa zimenezi, ngakhale sanaziike m'mwambi. Pakuti pometa maliro, kapena pometa namwali, sankafunsa kuti wadza ndi lumo latsopano ndani, koma ankapereka mutu kwa munthu wodziwika, wodziwa mwambo wake.

Za wophunzira wina amene anakhalitsa kunja ndingodutsapo mofulumira, popeza ambiri akuzikumbukira. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ali m'suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku London, ndipo sanazivule mpaka imfa, ngakhale m'dzuwa la October. M'dzanja ankagwira litchowa, ndipo mbumba inkamuvinira itavala nsalu za nkhope yake. Kalumo kake iye anakasandutsa lamulo. Mu 1973 kunakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo linakhala mpaka 1993. Amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, kotero kuti alendo ena ofika m'dziko muno ankametedwa polowa pomwe. Pamenepo mwambi unaima chadodolido: mlendo ndiye anapeza kalumo kakumuyembekeza. Lamulolo linkatchedwa loteteza chikhalidwe chathu, koma munthu woganiza akhoza kufunsa ngati muyeso wa siketi unachokera kwa agogo athu, amene ankavala nyanda, kapena ku matchalitchi a ku Scotland.

Wina amene ndiyenera kumutchula ndi Daniel Sharpe Malikebu, mwana wa sukulu ya pa Mbombwe, amene anatsatira Emma DeLany ku America, naphunzira udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, natsiriza mu 1917. Uyu ndiye anadza ndi kalumo kenikeni, ka sing'anga wa chipatala, m'dziko limene linkasowa asing'anga otere. Koma pamene anafika mu 1921 boma la atsamunda linamukaniza kukhala, poopa mzimu wa Chilembwe, ndipo anayendayenda ku South Africa ndi ku Liberia mpaka mu 1926, pamene analoledwa kudzatsegulanso mishoni ija. Mwambi umati mlendo amadza. Sunena kuti adzatsegulidwa chitseko.

Tsono tibwere kwa mwana wathu wa lero, amene wapatsidwa mwayi wa milungu itatu kapena inayi ku Milan, ku Paris, ku Johannesburg kapena ku Guangzhou. Adzayendetsedwa m'nyumba zosungiramo zovala zakale, adzaonetsedwa masitolo a magalasi aakulu, adzadya zakudya za eni dziko, adzajambula zithunzi zosawerengeka pa foni. Ndipo zonsezi si zoipa, pakuti kuyenda n'kuona. Koma ine ndimaopa kuti milungu yochepa imakwanira kuona chovala, osati kuona chifukwa chake. Jekete lochindikala la ku Ulaya linabadwa m'chisanu chimene ife timangochimva. Nsalu yoyera yofewa inapangidwira anthu oyenda pa misewu yopanda fumbi, ochapa ndi makina. Ndipo wophunzira amene waona maonekedwe okha, osafunsa za nyengo, za madzi, za sopo ndi za ndalama zimene eni chovalacho amalandira pa mwezi, adzabwera ndi chinthu chimene chidzakongola tsiku limodzi pa chionetsero ku Blantyre, koma chosatheka kukwera nacho kabaza kuchokera pa Njuli kupita ku Nguludi, chosatheka kuchisita ndi simbi ya makala. Tikumbuke za Davide, kuti pamene Sauli anamuveka zovala zake za nkhondo, zimene zinali zabwino koposa zonse m'Israyeli, mnyamatayo anayesa kuyenda nazo, nalephera, nazivula, osati chifukwa zinali zoipa, koma chifukwa sizinali zoyesedwa pa thupi lake.

Ndikanakhala ine wotuma ana amenewa, ndikanawauza kuti achepetse kuyang'ana m'magalasi a kutsogolo kwa sitolo, napemphe kulowa kuseri, kumene kuli odula ndi osoka. Pakuti kumeneko ndiko kuli zinthu zimene zingaoloke nyanja osaonongeka: kuyesa thupi mosamala, kulemba muyeso m'buku, kudula pepala la chitsanzo usanakhudze nsalu ya mwini, kubisa msoko, ndi kusunga tsiku limene unalonjeza. Chomalizachi ndachitchula dala, popeza palibe mwa ife amene sanaimepo pa khonde la telala m'mawa wa tsiku la ukwati, akumva kuti kwangotsala mabatani. Ndipo pali aphunzitsi ena a zaulendo amene sitiwawerengera, ndiwo amayi a geni amene amakwera basi kupita ku Kariakoo mu Dar es Salaam kukapikula zitenje. Iwo alibe satifiketi, koma akagwira nsalu ndi zala ziwiri amadziwa ngati idzasuluka, ndipo amadziwa mtundu umene udzayenda malonda pa Mbulumbuzi ndi umene udzangogona m'chikwama. Pakuti akalakwitsa, amalipira ndi mpamba wawo.

Palinso mbali ina ya mwambiwu imene imandisowetsa mtendere koposa zonse. Mwana wathu akafika kwa eni, iyeyo ndiye mlendo. Kodi kumeneko amanena za iye kuti wadza ndi kalumo kakuthwa? Kawirikawiri timamutumiza chimanjamanja, ngati wopempha, titamuphunzitsa kuti nzeru zonse zili uko. Ndipo anzake a kumeneko akamufunsa za kavalidwe ka kwawo, za nyanda, za mikanda, za zovala za Gule Wamkulu kapena za ovina tchopa, amagwetsa nkhope, popeza sanafunsepo agogo ake. Pamene ophunzira a maiko ena akabwera kuno, amalowa mumsika wa Limbe, nagula zitenje, nasoketsa malaya kwa telala wathu pa mtengo wa nsima ya masana kwawo, nalemba zonse m'timabuku tawo; akabwerera, zimene anaona kuno zimakhala kalumo kawo kakuthwa. Munthu wosadziwa nsalu ya kwawo alibe choyerekezera ndi nsalu ya kwa eni. Adzazizwa ndi chilichonse mofanana, ndipo wozizwa ndi zonse sasankha. Chilembwe anaona tanthauzo la kolala ku Lynchburg chifukwa ankadziwa kale tanthauzo la usiwa ku Magomero.

Ndipo akabwera mwana wathuyo adzapeza kuti mlendo wina anafika kale, wosalankhula, womangidwa ndi zingwe, ndiye belo la kaunjika. Zovala zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America atopa nazo zimatsegulidwa pa misika yathu tsiku ndi tsiku, ndipo kunena zoona zaveka amphawi amene kale sakanatha kugula malaya; amene amanyoza kaunjika kawirikawiri ndi amene sanagonepo ndi usiwa. M'boma lathu lomwe lino, pa Mikolongwe, pali sukulu ya umisiri ya bungwe la DAPP, kumene achinyamata amaphunzira kusoka pamodzi ndi ntchito zina zamanja, ndipo bungwe lomwelo limapeza gawo la ndalama zoyendetsera ntchito zake pogulitsa zovala zovalidwa kale. Kotero kuti chovala chakale cha mlendo chikulipirira maphunziro a telala amene mawa adzapikisana nacho pamsika. Sindiona woipa m'nkhani imeneyi, koma ndiona mfundo imene mwambi wathu sungaimasule. Diresi losokedwa pano liyenera kulipira nsalu, ulusi, zipi, lendi ya khonde ndi thukuta la tsiku lonse. Diresi la m'belo linalipiridwa kale ndi munthu wina kutsidya la nyanja. N'chifukwa chake atelala ambiri a m'misika yathu moyo wawo uli pa mayunifolomu a sukulu, pa zovala za maukwati ndi za mabungwe a amayi a m'mipingo, ndi pa kuchepetsa zovala za kaunjika kuti zikwane matupi athu.

Kwa telala wotere ndiko wophunzira wathu adzafika tsiku lina, pofuna makina obwereka kapena munthu womusokera zimene wajambula. Mkuluyo adzachotsa phazi pa chopalasira, nayang'ana zithunzi za pa foni chimodzichimodzi, mosafulumira, nayamikira monga mwa ulemu wa kwathu, kenaka adzafunsa kuti, "Zakongola ndithu, mwanawe. Nanga nsalu yake ikalowa mamita angati, ndipo mwini wake akachapa kangati isanasuluke?" Ngati mwanayo anakafika kuseri kwa sitolo zija, adzayankha, ndipo awiriwo adzayamba kukangana za kadulidwe ka mkono, wina akujambula pa pepala, wina akulemba ndi choko pa nsalu. Ngati sanakafike, adzati, "Pepani bambo, zimenezo sanatiuze," ndipo mkuluyo adzamukankhira mpando, namupatsa jekete la m'belo ndi kalezala kuti ayambe kusosola msoko wa paphewa, pakuti mwini jeketelo akulifuna Loweruka.